Munali kuti? Funso loyenera kufunsa wodwala wochokera kuulendo

Lolemba m'mawa ku Old Town. Minibasi za ku Salima zikutsitsa anthu m'depoti, akabaza akulimbirana katundu, ndipo mumsewu wa Malangalanga galimoto zathinana kale. M'famase ina kutsidya kwa mlatho mwalowa atsikana awiri achizungu, zikwama zikuluzikulu kumsana, mapewa atapsa ndi dzuwa mpaka kusupuka. Mchenga wa kunyanja udakali m'mapatapata.

Akufuna mapiritsi a likodzo.

Wogulitsa sakudabwa. Akuwalozera sikelo ili pakona kuti aliyense akwerepo, kenako akuwerengera pakapepala: mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, piritsi limodzi mamiligalamu 600. Wolemera makilogalamu 60 ndiye kuti mapiritsi anayi. Akuwaika m'kathumba ka pulasitiki n'kulemba dzina pamwamba: praziquantel.

Ndege yawo inyamuka mawa pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi. Akameza mapiritsiwa usiku uno, monga amachitira alendo ambiri, ndalama zawo zapita pachabe.

Likodzo limalowera pakhungu. Tizilombo take timatuluka m'nkhono zing'onozing'ono za m'madzi, makamaka dzuwa likakwera, n'kumasambira kufunafuna munthu. Maso sationa. Kuima mphindi zochepa m'madzi ofika m'maondo n'kokwanira. Tikaboola khungu timayenda ndi magazi, kudzera m'mapapo mpaka kuchiwindi, kumene timakula n'kusanduka nyongolotsi zotalika sentimita imodzi kapena ziwiri. Yaimuna imakumbatira yaikazi, ndipo ziwirizo zimasamukira m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo kapena matumbo. Kumeneko yaikazi imaikira mazira mazanamazana tsiku ndi tsiku, kwa zaka zingapo.

Praziquantel amapha nyongolotsi zokhwima. Zanthete zimapulumuka. Kumwa mankhwalawa utangotuluka m'nyanja kuli ngati kupalira m'munda udzu usanamere.

N'chifukwa chake madokotala a matenda a m'maiko otentha amalangiza kudikira milungu 6 mpaka 8 kuchokera tsiku lomaliza kulowa m'madzi, ndipo magazi amayamba kuonetsa bwino chizindikiro cha matendawa pakatha milungu 8 mpaka 12. Mlendo amene wafulumira kumwa amakafika kwawo mtima uli m'malo, poganiza kuti wathana nazo, pamene nyongolotsi zikukula mwakachetechete.

Ena zimawagwetsa msanga. Pakatha milungu iwiri mpaka isanu ndi itatu thupi limatentha, pamabwera chifuwa chouma, zidzolo zoyabwa, kuphwanya m'thupi ndi kufooka. Achipatala amati ndi Katayama, potengera dera lina la ku Japan kumene matendawa anafotokozedwa kalekale. Panthawiyi mazira amakhala asanayambe kutuluka, choncho mkodzo ukayezedwa sapezamo kanthu. Chimene chimaulula ndi magazi: mtundu wina wa maselo oyera, otchedwa eosinophil, umachuluka kuposa muyezo. Dokotala wa ku Manchester akapanda kufunsa za ulendo, amaganiza za chimfine. Wa ku Lilongwe amaganiza za malungo.

Onse awiri akusowa chinthu chimodzi: mbiri ya kumene wodwalayo waponda.

Dzina la Malawi linalowa m'mabuku a madokotala a apaulendo mu 1992. Chaka chimenecho achinyamata awiri a ku America, ogwira ntchito yongodzipereka ya Peace Corps, anadwala modetsa nkhawa atasambira ku Cape Maclear. Mazira a likodzo anasochera: wina anakamufika muubongo, winayo mumtsempha waukulu wa m'fupa la msana. Kufikira nthawi imeneyo alendo ambiri ankauzidwa kuti m'nyanja ya Malawi mulibe likodzo.

M'miyezi ya Malichi ndi Epulo 1993, akatswiri a bungwe la CDC la ku America, motsogozedwa ndi Martin Cetron, anayeza magazi a anthu akunja 955, okhala m'dziko muno ndi odzacheza. Mwa iwo, 303 anapezeka ndi chizindikiro choti anali ndi likodzo kapena analidwalapo. Pa anthu 440 amene sanalowepo m'madzi ena kupatula nyanja ya Malawi, 141 anapezeka nacho. Zotsatirazi zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 1996, ndipo Cape Maclear inatchulidwa kuti ndi malo amene chiopsezo chinali chachikulu.

Kuyambira pamenepo, ku Hospital for Tropical Diseases ku London, ku Liverpool ndi ku Glasgow, wodwala akangotchula Malawi funso lotsatira limakhala la nyanja. Ku Scotland, kumene sukulu ndi mipingo zimatumiza magulu a achinyamata kuno chifukwa cha ubale wakale wa maiko awiriwa, obwerera amalangizidwa kukayezetsa ngakhale asakumva kupweteka paliponse. Ambiri amene amapezeka nalo amakhala athanzi ndithu pamaso.

Kodi chinasintha n'chiyani m'nyanjamo?

Jay Stauffer, katswiri wa nsomba wa ku Pennsylvania State University amene wakhala akufufuza ku Cape Maclear kwa zaka zambiri, pamodzi ndi anzake analoza chala pa usodzi. M'madzi osaya a kumchenga munkakhala nsomba zambiri zodya nkhono, monga ya mtundu wa Trematocranus placodon, imene ili ndi mano ophwanyira zigoba kukhosi. Makoka a maso ang'onoang'ono, ena osokedwa ndi neti za udzudzu, atayamba kukokolola chilichonse m'mbali mwa gombe, nsombazi zinachepa ndipo nkhono zinaswana. Ofufuzawa anapezanso kuti kuwonjezera pa nkhono ya Bulinus globosus, imene imakonda m'mabango ndi m'matamanda, nkhono ina ya m'nyanja momwemo, Bulinus nyassanus, imene imabisala mumchenga wa malo oyera osambirako anthu, nayonso imasunga likodzo.

Izi zinathetsa langizo lakale loti bola kupewa malo a mabango.

Msodzi wa ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear komweko, sangaimbidwe mlandu yekha pa nkhaniyi. Amakoka neti chifukwa ana akufuna ndiwo, ndipo ana akewo ndi amene likodzo limawazunza kwambiri. Mlendo amalowa m'madzi masiku atatu n'kukwera ndege. Mwana wa pagombe amasamba, kutsuka mbale ndi kusewera momwemo chaka chonse. Akamwa mankhwala kusukulu lero, mwezi wamawa watenganso. Zinatengera kudwala kwa alendo awiri kuti dziko lapansi litchere khutu ku vuto limene anthu a ku Mangochi ankakhala nalo tsiku lililonse.

Mu 2017 nkhani inakulanso. Ofufuza a Liverpool School of Tropical Medicine ndi anzawo a kuno anapeza m'gombe la Mangochi nkhono ya mtundu wa Biomphalaria pfeifferi, imene imafalitsa likodzo la m'matumbo. Chaka chotsatira, ana asukulu a m'mbali mwa nyanjamo anapezeka ndi mtundu umenewu wa likodzo. Kwa achipatala tanthauzo lake n'lachidziwikire: munthu wochokera kunyanja sangomuyeza mkodzo wokha, chimbudzi nachonso chiyenera kuonedwa.

Koma wapaulendo si mzungu yekha.

Lachisanu masana, maofesi a ku Capital Hill ndi City Centre akangotseka, msewu wa M14 umadzaza galimoto zolowera ku Salima. Ena akupita kumisonkhano ya ntchito imene imachitikira m'mahotela a kunyanja, ena atenga banja lonse kukapuma ku Senga Bay, ena akupitirira mpaka ku Monkey Bay. Lamlungu madzulo onse abwerera kumayadi, ku Area 10, Area 12, Area 43 ndi Area 47, ana atatopa, zovala zosambira zikadali zonyowa m'buti.

Mwana wokulira kumayadi, amene madzi amawadziwira pampopi ndi m'bafa, thupi lake silinakumanepo ndi likodzo. Pa nkhani ya matendawa iye sasiyana ndi mlendo wochokera ku Oslo, ndipo Katayama imakonda kugwira anthu otere, okumana ndi tizilomboti koyamba. Akatentha thupi patatha mwezi, ulendo wa ku Salima aliyense anauiwala. Amamubaya chala kuyeza malungo, kachipangizo kamaonetsa mzere umodzi, amapatsidwa panado ndi mankhwala a chifuwa. Makolo ena amagulabe mankhwala a malungo a LA n'kumumwetsa, poti kutentha thupi kuno dzina lake ndi malungo basi.

Kuyeza likodzo kuli ndi luso lake. Mazira amatuluka ambiri mumkodzo pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, makamaka m'madontho omalizira. Wa mulabotale amausefa kapena kuuzunguza m'makina kuti zolemera zikhale pansi, n'kuika kadontho pagalasi. Pansi pa maikulosikopu dzira la likodzo la m'chikhodzodzo limaoneka lobulungira motalika, ndi kaminga kumapeto kwenikweni. La m'matumbo kaminga kake kamakhala m'mbali. Mnyamata wa ku Chembe mazira ake sasowa. Koma munthu amene analowa m'madzi kawiri kapena katatu amakhala ndi nyongolotsi zochepa, mazira ndi owerengeka, ndipo kuyeza kamodzi kokha kukhoza kunena kuti alibe pamene ali nalo. Madokotala odziwa amapempha mkodzo wa masiku atatu osiyana.

Kuyeza magazi n'kumene kumagwira ambiri mwa apaulendo otere, koma nako kuli ndi malire. Chizindikirocho chimakhalabe m'magazi zaka zambiri munthu atachira, kotero sichingasiyanitse likodzo la chaka chino ndi la paubwana. Kwa Mmalawi amene anakulira m'mbali mwa dambo ku Mitundu kapena ku Nathenje, yankho loti magazi aonetsa silinena zambiri. Likodzo si la kunyanja kokha. M'madambo, m'madamu ndi m'minda ya mpunga m'maboma ambiri lilimo.

M'madera ena kale ankati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti akukula. Mtengo wa chikhulupiriro chimenechi umaoneka patapita zaka: chikhodzodzo chouma, impso zotupa chifukwa njira ya mkodzo yatsekeka, khansa ya chikhodzodzo, kapena chiwindi cholimba ndi mimba yodzaza madzi. Chimene chimawononga kwenikweni ndi mazira amene alephera kutuluka n'kutsakamira m'minofu.

Pali mbali ina imene anthu sakonda kuikamba. Mazirawa amatsakamiranso m'ziwalo zoberekera. Mayi amamva kuwawa m'chinena, amataya magazi akakhala malo amodzi ndi mwamuna, amatuluka zamadzimadzi, ndipo kuchipatala amapatsidwa mankhwala a matenda opatsirana pogonana, kamodzi, kawiri, osachira. Kunyumba kumabuka mkangano wa chinthu chimene palibe anachita. Kwa abambo, umuna umasintha maonekedwe kapena kutuluka ndi magazi; madokotala a kunja analemba za apaulendo ochokera ku nyanja ya Malawi amene chizindikiro chawo chinali chokhachi. Dokotala wa kuno, Sekeleghe Kayuni, anafufuza vutoli pakati pa asodzi a ku Mangochi ndipo anapeza mazira a likodzo muumuna wa ena mwa iwo. Funso limodzi lokhudza madzi likhoza kupulumutsa banja ku manyazi ndi ndalama zotayika.

Mankhwala alipo ndipo si ovuta. Praziquantel amamwedwa munthu atadya, ndipo chizungulire kapena kupotokola m'mimba kumene ena amamva kumatha tsiku lomwelo. Kampani ya Merck ya ku Germany imapereka mapiritsi ofika 250 miliyoni pachaka kudzera ku bungwe la WHO, ndipo ndi mapiritsi ngati amenewa amene alangizi a zaumoyo amamwetsa ana m'sukulu, pansi pa ndondomeko ya Unduna wa Zaumoyo yoyendetsedwa kuchokera ku CHSU ku Area 3. Wodwala Katayama yekha ndiye afunika dokotala pafupi, chifukwa panthawiyo praziquantel akhoza kukulitsa zizindikiro, ndipo nthawi zina amayamba wapatsidwa mankhwala oziziritsa kutupa, n'kudzamwanso praziquantel pambuyo pake.

Wapaulendo wosachizidwa akhoza kusamutsa matendawa. Mu 2013 anthu osambira mumtsinje wa Cavu pachilumba cha Corsica, m'dziko la France, anatenga likodzo la m'chikhodzodzo. Nkhono zoyenera zinalimo kale. Chimene chinkasowa ndi munthu mmodzi wokodzeramo mazira. Ofufuza anapeza kuti tizilomboto tinali tofanana ndi ta ku Senegal.

Likodzo limapatsa munthu nthawi. Kaodzera sapereka nthawi.

Lilongwe ndi khomo la malo osungirako nyama. Kuchokera m'malo ogona alendo a ku Old Town ndi Area 3, galimoto zimanyamuka mbandakucha kupita ku South Luangwa kudzera ku Mchinji ndi Chipata, zina ku Kasungu, ku Nkhotakota kapena ku Vwaza Marsh m'boma la Rumphi. Malo onsewa muli kashembe, ntchentche yoluma mopweteka imene imatsata galimoto yoyenda komanso zovala zakuda ndi zabuluu. Si kashembe aliyense amene ali ndi kachilombo, ndipo alendo ambiri amalumidwa popanda chochitika. Koma amene chamugwera, masiku ake amakhala owerengeka.

Mtundu wa kaodzera wa kuno unadziwika kudzera mwa wapaulendo. Mu 1910, ku Liverpool, John Stephens ndi Harold Fantham anaona kachilombo kachilendo m'magazi a mzungu amene anadwala atayenda m'chigwa cha Luangwa, ndipo anakatcha Trypanosoma rhodesiense. N'kosiyana ndi ka ku Congo kamene kamadwalitsa pang'onopang'ono kwa zaka. Ka kuno kamathamanga. Pakatha mlungu umodzi mpaka itatu thupi limatentha kwambiri, mutu umawawa, ndipo ena, makamaka alendo, amatuluka chilonda chofiira chotupa pamene analumidwa. M'milungu yochepa kachilomboko kakhoza kufika muubongo kapena kuwononga mtima ndi impso. Wosalandira thandizo amamwalira, kawirikawiri miyezi isanu ndi umodzi isanathe.

Zizindikiro zoyamba n'zofanana ndi malungo, ndipo apa ndi pamene miyoyo imatayika. Kachipangizo kobaya chala sikadziwa kaodzera. Pamafunika kupaka magazi pagalasi ndi munthu wa diso lozolowera, amene adzaona tizilombo tatitali tikuvinavina pakati pa maselo ofiira. Maikulosikopu alipo ku Kamuzu Central, ku Bwaila ndi m'zipatala zolipira za mumzinda. Chofunika n'choti wina aganize zopempha kuyeza kumeneku, ndipo sangaganize ngati sanamve kuti wodwalayo anali ku Vwaza masabata awiri apitawo.

Mu 2019 Malawi inalemba odwala kaodzera 91, ndipo mu 2020 analipo 89, ambiri ochokera m'midzi yozungulira Vwaza ndi Nkhotakota: alimi, otola nkhuni, ofula uchi, alonda a nyama. Kwa zaka zambiri chithandizo chinali jakisoni wa suramin, ndipo matenda akafika kuubongo, melarsoprol, mankhwala okhala ndi poizoni wa arsenic amene ankawotcha mitsempha ndi kupha pafupifupi wodwala mmodzi mwa 20 alionse obayidwa.

Kusintha kwabwera kudzera ku Rumphi. Chipatala cha boma kumeneko, pamodzi ndi cha Lwala ku Uganda, chinayesa mapiritsi a fexinidazole mogwirizana ndi bungwe la DNDi. Mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linavomereza kuti mapiritsiwa ndi othandiza pa kaodzera wa mtundu wa kuno, ndipo mu 2024 WHO inawaika patsogolo m'malangizo ake. Amamwedwa kamodzi patsiku kwa masiku 10, pamodzi ndi chakudya, kwa wodwala wa zaka 6 kupita m'tsogolo wolemera makilogalamu 20 kapena kuposerapo. Sagulitsidwa m'famase, amaperekedwa ulere kudzera ku WHO ndi unduna. Mlendo amene akadwale kaodzera ku Berlin kapena ku Johannesburg lero adzathandizidwa ndi nzeru zimene zinatsimikizidwa pa odwala a ku Rumphi, ndipo ndi bwino kuti zimenezi zizinenedwa.

Sikuti zonse zimene apaulendo amanyamula ndi zakupha. Nyengo ya mvula kumayadi kuli mphutsi. Ntchentche ina imaikira mazira padothi kapena pazovala zonyowa zoyanikidwa pamthunzi, ndipo munthu akazivala kamphutsi kamaboola khungu. Pamatuluka chotupa chonga chithupsa, chokhala ndi kabowo pakati, ndipo wodwala amamva kanthu kakuyenda mkati. Amayi ogwira ntchito m'nyumba za ku Area 10 amadziwa bwino mankhwala ake kuposa madokotala ambiri a ku Ulaya: kusita chovala chilichonse ndi simbi yotentha, ngakhale zamkati ndi matewera, ndipo mphutsi ikalowa, kumata Vaseline pakabowo kuti isowe mpweya, ituluke yokha. Agalu a kumayadi nawo imawavuta. Palinso kanyongolotsi ka m'ndowe za agalu ndi amphaka kamene kamalowa kuphazi la woyenda wopanda nsapato pamchenga, n'kumajambula mzere wokhotakhota woyabwa pansi pa khungu. Albendazole kapena ivermectin amathana nako. Ndipo kutsegula m'mimba kosatha milungu iwiri kapena itatu, kwa mpweya wambiri, nthawi zambiri kumafuna kuyeza chimbudzi, chifukwa giardia ndi amoeba samva mankhwala wamba otseka m'mimba.

Komabe pa matenda amenewa wakupha wamkulu wa apaulendo ndi malungo, ndipo amene amawagwira kwambiri si alendo odzaona nyanja. Iwo amabwera atamwa kale Malarone kapena doxycycline, ndi mafuta othamangitsa udzudzu m'chikwama. Amene amagwa ndi ana a kuno okhala kunja.

Namwino amene wakhala ku Leeds zaka khumi, kapena mnyamata wogwira ntchito m'munda wa maluwa ku Cape Town, akabwera kumaliro kapena kutchuthi amadziona ngati mwini dziko. Malungo anadwalapo kambirimbiri ali mwana, ndiye aopenji? Chimene sadziwa n'choti chitetezo chimene thupi limapeza polumidwa ndi udzudzu chaka ndi chaka chimafwifwa munthu akachoka. Ana ake obadwira kunja alibe n'komwe. Amagona kumudzi kopanda neti, amachezera panja mpaka usiku ndi abale amene anawasowa, n'kubwerera. Mu 2023 dziko la Britain linalemba odwala malungo oposa 2,000, chiwerengero chachikulu koposa m'zaka zoposa 20, ndipo ambiri mwa amene mbiri ya ulendo wawo inadziwika anali oti anapita kukaona abale kumaiko kumene anachokera.

Kwa munthu wopanda chitetezo, malungo a falciparum akhoza kufika kuubongo m'masiku ochepa. Malawi ili ndi mbiri yabwino pa kusintha mankhwala nthawi ikakwana: mu 1993 inali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kutenga Fansidar, ndipo mu 2007 inasamukira ku LA, amene amamwedwa kawiri patsiku kwa masiku atatu, makamaka ndi chakudya cha mafuta pang'ono. Malungo aakulu amafuna jakisoni wa artesunate. Pa matenda awa, dokotala wa ku Lilongwe ndi katswiri kuposa mnzake wa ku Leeds.

Vuto limabwera malungowo akakhala ochokera kwina. Tsiku lililonse pabwalo la Kamuzu pamatera anthu odzera ku Addis Ababa ndi Nairobi: amalonda, ophunzira, odwala ndi owadikirira ochokera kuzipatala za ku India, ogwira ntchito m'mabungwe. Ku India, ku Pakistan ndi ku Ethiopia kuli malungo a vivax. Amenewa amabisala m'chiwindi n'kudzuka patatha miyezi, munthu ali kale kunyumba kwake ku Area 47. Zipangizo zobaya chala zimene zimapezeka kwambiri kuno zinapangidwira falciparum, kotero vivax zikhoza kumuphonya. LA amachotsa tizilombo ta m'magazi koma ta m'chiwindi satifika. Timafuna primaquine, amenenso asanaperekedwe pamafunika kuyeza ngati magazi a munthuyo ali ndi vuto lobadwa nalo la G6PD, chifukwa kwa oterowo mankhwalawa amaphwanya maselo ofiira. Ku Eritrea ndi madera ena a Ethiopia kwapezekanso falciparum amene anataya chizindikiro chimene zipangizo zambiri zimafufuza, moti wodwala weniweni amauzidwa kuti alibe malungo. Apanso yankho ndi galasi ndi maikulosikopu.

Asilikali athu amene akhala akupita ku Congo kukasungitsa mtendere nawo ndi apaulendo. M'nkhalango za dziko limenelo muli nyongolotsi ya loa loa, imene imatupitsa khungu apa ndi apo ndipo nthawi zina imaoneka ikudutsa padiso. Munthu amene ali nazo zambiri m'magazi akapatsidwa ivermectin mosayeza akhoza kukomoka.

M'kabuku ka kuchipatala mumalembedwa kutentha kwa thupi, kulemera ndi mankhwala. Mzere wa ulendo sulembedwa kawirikawiri, ndipo pamzere wa odwala mazana dokotala sakhala ndi mphindi zofunsa zambiri. Choncho udindo wina ukugwera wodwala ndi womuperekeza: kunena okha, asanafunsidwe, kuti mwezi watha tinali ku Senga Bay ndipo ana anasambira, kuti bambowa analumidwa ndi kashembe ku Luangwa, kuti mayiwa abwera kuchokera ku Delhi mu Juni. Masiku ndi ofunika monga malo. Kutentha thupi kumene kwayamba pasanathe masiku 7 munthu atafika m'dera la udzudzu si malungo a ulendo umenewo. Kwa patatha mwezi atasambira kukhoza kukhala likodzo. Kwa patatha miyezi isanu kukhoza kukhala vivax.

Disembala akafika, mabasi a ku Joni amatsitsa anthu mu Lilongwe ndi zikwama zodzaza mabulangete, mapoto ndi mawailesi. Ndi nthawi ya mvula, udzudzu uli pachimake. Mu Januwale mabasi omwewo amabwerera odzaza, kudzera ku Dedza, ku Tete ndi ku Beitbridge. Ku Johannesburg si dera la malungo, ndipo wodwala wotentha thupi kumeneko amaganiziridwa chimfine. Ena amachedwa kupita kuchipatala poopa kufunsidwa mapepala kapena kudulidwa malipiro a tsikulo. Bungwe la NICD la ku South Africa limachenjeza chaka ndi chaka za nyengo imeneyi, ndipo linalembapo za anthu amene anadwala malungo osatuluka mu Gauteng, atalumidwa ndi udzudzu umene unakwera nawo minibasi kapena kubisala m'katundu.

Langizo la madokotala kwa obwererawa ndi loti thupi likatentha ayezetse malungo tsiku lomwelo, atchule kuti achokera ku Malawi, ndipo zotsatira zikanena kuti alibe koma kutentha kukupitirira, ayezetsenso mawa lake ndi mkuja. Amene anasambira kunyanja pa Khirisimasi, nthawi yawo yoyezetsa likodzo ndi mwezi wa Malichi.